Usakwere Ngoloyo

Basi inamutsitsa Orla pa golosale ya a Dympna mdima utagwira kale. Inayenera kufika dzuwa likadalipo, koma mtsinje unali utasefukira pa mlatho wa msewu waukulu, dalaivala n'kuzungulira kumapiri, kumene anapeza nkhosa zitagona pakati pa msewu ndi tiana tawo ngati zalipira lendi. Epulo wa kuno ku Ireland musamukhulupirire. M'mawa kumawala, maluwa achikasu ali mbuu m'mipanda, anthu n'kuyanika zovala. Masana matalala. Madzulo mvula imabwera chammbali ngati ili nawe chifukwa.

A Dympna, mayi wachikulire amene anamudziwa Orla akadali pamsana, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku tinsapato take ta m'tauni.

"Iwe mwana wa Brid, wapenga? Nyanja yayamba kubwerera. Gona pano, uwoloka m'mawa."

"Achimwene aimba foni kawiri," anatero Orla. "Akuti amayi sakumezanso ngakhale tiyi. Akungotchula dzina langa."

"Nanga Cathal mchimwene wakoyo sangabwere ndi boti?"

"Ndi mphepo iyi?"

A Dympna anapukusa mutu. Anamuponyera majombo a malemu amuna awo ndi tochi, akung'ung'udza kuti anthu a kwa Mulkerrin, banja la Orla, onse anabadwa ndi makutu okongoletsera mutu basi.

Ku Inishdara, kachilumba ka kwawo kwa Orla, kulibe mlatho. Nyanja ikaphwa pamatsala mchenga, ndipo munthu umatsata mizati imene anaizika mondondozana mpaka kutsidya. Nyanja ikabwerera, njira yatha. Orla ankazidziwa zonsezi ngati dzina lake. Ankadziwanso kuti akadikira m'mawa, mwina akapeza mayi ake atawatseka kale maso, ndipo mantha amenewo anaposa mantha a madzi.

Kanjira kotsikira kumchenga kamadutsa m'mbali mwa manda. Anthu a pachilumba amaikidwa kumtunda kuno, poti kwawoko ndi mwala wokhawokha. Orla anachita chizindikiro cha mtanda, nafulumira. Chipata cha kumandako chinali chotsekula, mphepo ikuchikankha uku ndi uku.

Atafika pamchenga mvula inakata, nyenyezi n'kutuluka. Mtima unakhala m'malo pang'ono. Anapeza mzati woyamba, kenako wina, kenako wina. Kutsogolo ankaona kanyali ka pawindo la kwawo kakuthwanima. Koma posakhalitsa chifunga chinatsika kuchokera kunyanja, chochindikala ngati bulangete lonyowa. Kanyali kaja zii! Tochi inkangounikira utsi woyera. Anayenda, nayenda, mzati osaoneka.

Kenako anamva kuzizira m'mapazi. Madzi.

Anatembenuka kuti abwerere, koma kumbuyo ndi kuti? Konsekonse kunali kofanana. Anatulutsa foni, koma inamupulumuka n'kugwera m'madzi. Anaitana dzina la mchimwene wake. Mphepo inalimeza.

Madzi anafika m'akakolo. Anayamba kulira.

Kwiii... kwiii... kwiii...

Orla anaima chilili. Phokosolo linkachokera kumbuyo kwake, kumene ankaganiza kuti kunali manda kuja. Linali la magudumu a matabwa osathira mafuta. Kenako kupuma kwa chinyama chachikulu... Mu chifungamo munatuluka mutu wa hatchi yakuda, ikukoka ngolo. Pambali pake pankayenda bambo wokalamba, wamtali, atavala chikhoti chofika m'maondo ndi kapusi. Analibe nyali.

Ndani akadali ndi hatchi ndi ngolo masiku ano, aliyense ali ndi thirakitala? Funso limeneli linamubwerera, koma munthu womira safunsa zambiri.

"Bambo! Ndithandizeni, ndasochera!"

Mkuluyo sanaime. Anangomuyang'ana chammbali.

"Ndiwe wa kwa Mulkerrin iwe. Mayendedwe ngomwewo." Mawu ake anali otsika, ngati ochokera m'chitsime. "Inenso ndikupita komweko. Gwira thabwa la kumbuyo. Koma usakwere."

Orla anagwira. Thabwalo linali lozizira kuposa madzi. Ataunika m'ngolomo anaona udzu wouma woyalidwa bwino ndi zingwe ziwiri, basi. Udzu wouma... mvula yonse ija!

Anayenda. Madzi m'maondo. Majombo anadzaza, mwendo uliwonse kulemera ngati thumba la mbatata. Mkulu uja sankayang'ana mizati, sankayang'ananso kumbuyo. Ankangong'ung'udza kanyimbo kopanda mawu.

Madzi m'ntchafu.

"Bambo, tifika?"

Mkuluyo anangopitiriza kanyimbo kake.

Madzi m'chiuno! Funde linamugunda chammbali, tochi n'kupita. Miyendo inachita dzanzi. Orla anaona kuti basi, afera pompo, mayi ake ali pafupi chonchi. Anakoka thabwa lija ndi mphamvu zake zonse, naika bondo limodzi pa udzu paja.

Ngolo inaima nji!

"Tsika!"

Mkuluyo anali atatembenuka. Nkhope yake inali yotuwa ngati phulusa, madzi akuchucha m'kapusi, m'maso, m'kamwa, osaleka.

"Tsika, mwana iwe! Malo amenewo ali ndi mwini wake. Oyenda ndi miyendo amatsata pambuyo. Sanakuphunzitse kwanu?"

Orla anatsetsereka n'kubwerera m'madzi. Apa ndi pamene anaona kuti mafunde ankamukankha iye yekha. Chikhoti cha mkuluyo chinangoti lende, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Anafuna kusiya thabwalo n'kuthawa, koma athawire kuti? Anatseka maso, nagwiritsitsa, akutchula mayi ake chamumtima.

Kwiii... kwiii...

Sanadziwe kuti anayenda nthawi yaitali bwanji. Anangomva miyala pansi pa mapazi, madzi akutsika m'maondo, kenako m'akakolo. Atatsekula maso anaona khoma la munda wawo ndi nyali ija pawindo.

"Thamanga," anatero mkuluyo, akusisita khosi la hatchi. "Ine sindili pachangu. Ndiima pano mpaka madzi aphwe."

Orla anathamanga osacheuka.

Cathal atatsekula chitseko anatsala kukamwa yasa. "Mayo! Wadzera pati iwe? Mchenga wonse uli pansi pa nyanja!"

Orla anangomukankha n'kulowa kuchipinda. Mayi ake anali gone pabedi, atatha ngati kamwana, korona yopempherera ili m'manja. Koma maso anali otsekula. Orla anagwada, zovala zikuchucha, n'kuika nkhope yake pa dzanja lawo. Analira mokweza, osachita manyazi.

"Wandinyowetsera bulangete," anatero mayiwo ndi mawu otsalira. "Wawoloka bwanji, mwana wanga?"

Orla anafotokoza za chifunga, za hatchi yakuda, za bambo wamtali wa kapusi. Cathal anaseka kuseka kwa mantha, nati pachilumba pano hatchi inatha kalekale. Koma mayi aja anamufinya Orla dzanja ndi mphamvu zimene sankayembekezera.

"Unakwera?"

"Ndinaika bondo. Anandikalipira, ndinatsika."

"Ambuye atamandike." Mayiwo anamuyang'ana Orla m'maso. "Ameneyo ndi Malachy Faherty. Ndi amene ankanyamula maliro onse a pachilumba chino kupita nawo kumanda, ife tikutsata pambuyo, dzanja pa thabwa. Wamoyo sankakwera ngolo imeneyo, ngakhale mwana wotopa. Anamira pamchenga pomwepo ndi hatchi yake yomwe, mwezi ngati uno, ine ndisanakwatiwe n'komwe."

Cathal anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Anati chiyani pokusiya?" anafunsa mayiwo.

Orla anayankha: "Anati adikira mpaka madzi aphwe."

"Anali munthu waulemu Malachy," anatero mayiwo, akumwetulira. "Ndiye kuti tili ndi usiku wonse. Kavule zonyowazo, ubwere undiuze za mnyamata amene ukundibisira uja."

Anacheza. Mayiwo ankagona, n'kudzuka, n'kufunsa kanthu, n'kugonanso. Orla sanasiye dzanja lawo. Kunja mphepo inaleka, mvula yowaza n'kuyamba. Kutangoyamba kuyera, nyanja itaphwanso, mayi Brid anapuma mpweya wautali, osapumanso wina.

Cathal anaimika wotchi ya pakhoma, natsekula windo monga timachitira kuti mzimu upeze potulukira. Mphepo yozizira inalowa ndi fungo la mchere. Ana a nkhosa ankalira kumunda. Ndipo kumunsi, kumchenga kopanda munthu, onse awiri anamva.

Kwiii... kwiii... kwiii...

Ulendo uno magudumuwo ankalira mwapang'onopang'ono, molemedwa.