Kadontho Kamene Kanazima pa Mapu

Kalaliki wa padoko anatseka ofesi usiku kwambiri, mtima uli m'malere. Ntchito ya mayiyu inali kulondola maboti pa kompyuta: ili lili apa, ilo lagona doko lakuti. Koma madzulo amenewo kadontho ka boti lokoka sitima kanangozima pa mapu. M'botimo munali mlongo wake, makaniko wa injini.

Opulumutsa anthu anasakasaka kummwera, kumene kadonthoko kanazimira, osapeza kanthu.

"Kagoneni, mayi, tiyambiranso mawa," anatero bwana wawo.

Tulo nkuchokera kuti? Iye anatenga tochi napita ku mlatho wakale wachitsulo, poti pamenepo madzi onse amaonekera. Mwina aona kuwala.

Ali pakati pa mlatho, tochi inathima. Mphepo inaleka. Kunangoti zii.

Kenako kumbuyo... chuwa, chuwa. Nsapato zodzaza madzi!

Anaima. Nazonso zinaima. Miyendo inkati thawa, koma iye anatembenuka.

Panali bambo wachikulire, jekete ili yonyowa, madzi akuchucha m'ndevu. Chonsecho mvula inali isanagwe mwezi wonse.

"Mukufuna kolakwika, mwanangu," anatero bamboyo motsitsa mawu. "Boti limenelo likazima injini silipita kummwera. Chiwongolero chake chimakokera kumanzere. Lili kuseri kwa thanthwe lalitali, kumpoto."

"Inu mwadziwa bwanji, bambo?"

"Fulumirani. Anthu m'botimo madzi awafika m'mawondo."

Mayiyo anaweramira foni kuti ayimbe. Podzutsa mutu... mlatho uli mbee, bambo uja palibe!

Pafonipo, bwana wa opulumutsa anakana. "Kumpoto? Mapu akuti chiyani?"

"Mapu sakunena kanthu! Mukapanda kupita, ndimasula bwato ndipalase ndekha."

Opulumutsawo anapita. M'bandakucha analikoka botilo litapendekeka, anthu asanu onse ali moyo.

Padoko, mlongo wake atafunda bulangete anamufunsa, "Achemwali, kuseri kuja anakulozerani ndani?"

Mayiyo asanayankhe, maso ake anagwera pa chithunzi chakale cha bambo wandevu chokhomedwa m'chipinda choyendetsera botilo.

"Awa! Ndi awa ndithu."

Makanikoyo anakhala pansi.

"Amenewa ndi akaputeni oyamba a boti lino. Anagwera m'madzi pa thanthwe lomwe lija zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Mtembo wawo sunapezeke mpaka lero."