Kapinga Wosapondedwa

Chithunzi chija chinamusowetsa mtendere Kanyerere. Kandege kojambula kanali katatenga bwalo lonse la kuseri kwa msika kuchokera m'mwamba, ndipo tinjira ta anthu oyenda pansi tinkaoneka ngati mizere ya m'dzanja. Tinjira tonseto tinkawongoka bwinobwino, koma tikafika pakati pa bwalo tinkakhota, kulambalala kamalo kozungulira kobiriwira kuposa pena paliponse. Pamalopo panalibe mtengo, panalibe chulu, ngakhale chitsa.

Dzina la Kanyerere anamupatsa kunyumba chifukwa chosadziwa kukhala pansi, ndipo linamutsatira mpaka ku yunivesite. Ichi chinali chaka chake chomaliza, ndipo kafukufuku wake anali wokonza bwalolo kuti likhale paki. A khonsolo anali atalonjeza kuti pulani ikawasangalatsa, adzamanga momwemo. Nanga bwalolo si la kwawo komwe, kumene anakulira? Mtsikanayu ankadziona kale akulozera anzake kuti, "Zonsezi ndinajambula ndine."

"Mapazi a anthu sanama," anatero aphunzitsi ake ataona chithunzicho. "Ife sitilemba njira tisanaone pamene anthu amaponda okha. Apa akukana kupondapo. Kafufuze chifukwa chake."

"N'chizolowezi chabe, aphunzitsi. Mmodzi akakhota, onse amakhota ngati nkhosa."

"Mwina. Kafufuzebe."

Kufufuza anafufuzadi, koma mwachiphamaso. Anafunsa amayi ogulitsa makala m'mphepete mwa bwalo. Iwo anayang'ana kumbali nati, "Ife timangodutsa uku, mwanangu." Anafunsa bambo wokonza njinga, koma bamboyo anangoyamba kupopa tayala lomwe linali lolimba kale. Ana osewera nawonso, mpira wawo utagubuduzikira pa kapinga paja, palibe amene anauthamangira. Anakatenga nsungwi yaitali n'kuukoka ali chapatali.

"Bwanji osangolowa n'kuutola?" Kanyerere anawafunsa.

"Sitilowapo," kanatero kamtsikana kena.

"Anakuletsani ndani?"

Anawo anangoyang'anana. Panalibe amene ankadziwa.

Kanyerere anaseka, poganiza kuti wamantha amathawa ndi chithunzithunzi chake chomwe. Atabwerera anawongola njira zonse pa pulani yake, ndipo pa kapinga wokongola uja anaikapo akatungwe. Anajambulaponso tiana tikusewera pa akatungwewo, kuti a khonsolo akopeke.

Chinatsala n'kukhoma zikhomo zosonyeza malo. Anapita masana ena kutachita mitambo, mphepo ili zii. Akuyenda maso ali pafoni, anadzidzimuka poona kuti wapitirira kapinga uja. Mapazi ake anali atakhota okha. Anabwerera n'kuyesanso, ndipo anamva thupi likukokera kumanzere, monga linkachitira ali wamng'ono, dzanja lake lili m'dzanja la amayi ake.

"Zamkutu," anatero podzilimbitsa mtima, naponda pakapingapo.

Udzu unali wozizira ndi wonyowa, chikhalirecho mvula inali italeka kalekale. Phokoso la msika linamveka ngati likuchokera kutali. Anagwada pakati, naimika chikhomo, nanyamula hamala. Asanamenye n'komwe, chikhomocho chinayamba kulowa chokha, pang'onopang'ono, mpaka chinazimirira. Anatchera khutu pa kabowo kamene kanatsala. Patapita kanthawi anamva kuti chubwi, pansi penipeni.

Kunsi kwa mawondo ake china chake chinalira ngati lata lakale likapondedwa.

"Usasunthe!"

Anali amayi ake akuchokera kuntchito, chikwama chawo chitagwa m'fumbi. Mawu otero Kanyerere anali asanawamvepo pakamwa pawo.

"Gona chafufumimba. Kwawa, bwera kuno. Usaimirire mwanangu, ndakugwira mwendo!"

Anakwawa, nthaka ikunjenjemera kunsi kwa mimba yake. Atangofika panjira, amayi anamugwira bulauzi n'kumukoka mwamphamvu mpaka onse awiri anagwa. Kumbuyo kwake kapinga anatitimira pakati ngati mbale, kenako kunangoti zii. Amayi a makala ndi bambo wa njinga anali ataima chapatali, atazolika.

"Pali chitsime apa," amayi anatero mpweya utabwerera. "Chakuya. Atamuvuula, anthu anangovundikirapo malata n'kuthira dothi."

"Atamuvuula ndani?"

Amayi anayamba kumuchotsa udzu m'tsitsi, umodziumodzi. "Mlongo wako. Iwe unali kumsana."

Kanyerere ankadziwa kuti anali ndi mlongo amene anamwalira iye ali wakhanda. Chithunzi chake chinali pakhoma pabalaza, kamnyamata komwetulira kovala malaya oposa msinkhu wake. Koma anali asanafunsepo kuti kanapita bwanji, ndipo akuluakulu a m'deralo, pomvera chisoni amayi ake, sankaitchula nkhaniyo, makamaka kwa iye. Kanyerereyo anali atazungulira bwalo lonse kufunsa anthu a m'njira, koma kunyumba kumene ankadya ndi kugona sanafunseko.

"Nanga iwe umadzatani pamenepa ndi hamala?" amayi anafunsa.

Pepala la pulani linali litagwa m'thumba pamene ankakokedwa. Amayi analitola n'kulitambasula. Mizere yowongoka ija sanaisamale, koma tiana tija anationa, pakati penipeni pa bwalo. Anatiyang'ana nthawi yaitali, chala chawo chili pa kamodzi.

"Awa ndi ana a yani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndi ana a eni, amayi," anayankha Kanyerere, misozi ili mbwembwembwe.

Anatenga pepalalo ndi manja awiri, nalipinda. Kenako anaimbira aphunzitsi ake kuwauza kuti pulani ichedwa, ayambira poyamba, ndipo kuti m'mawa alawirira ku khonsolo kukanena za chitsime. Atatero anatola zikhomo zotsala n'kuyamba kuzikhoma m'mphepete mwa njira, kuzungulira kapinga yense. Ankakhomera mwala, chifukwa hamala inali itatsala pakati paja, ndipo panalibe woti akaitenge.