Galimoto ndi Zam'katimo

Madzulo ake anali wamba. Dzuwa linali litapendeka, fumbi la pa Msika wa Lundazi likuyandama ngati ufa wa pachigayo, amayi a tomato atayamba kuitanira makasitomala otsiriza. Ezron Mtonga wa ku Chikomeni anaimika kagalimoto kake koyera pamthunzi wa mtengo waukulu, chapafupi ndi msikawo. Anali atakagula chaka chomwecho atagulitsa fodya, ndipo ankakapukuta kuposa nkhope yake.

Kumpando wakumbuyo kunali apongozi ake, a NyaZimba. Ankachokera nawo kuchipatala kumene anawachotsa ng'ala. Diso limodzi linali lomata ndi bandeji, linalo linkaona dziko ngati lili m'nkhungu.

"Amama, ndingogula kapenta ndi makandulo amene andituma amake Chiza. Ndibwela manje-manje."

"Manje-manje wanu timam'dziwa," anatero apongoziwo, nkhope atalozetsa kwina.

Ezron anatuluka, natseka chitseko. Pamizu ya mtengowo panali patakhala bambo wina woonda, atavala chijasi chachitali ngakhale kunali kotentha. Ankaswa mtedza. Thyo. Thyo. Makoko anali ataunjikana pamapazi pake.

"Monile, dada," anatero Ezron. "Mundiyang'anileko galimoto."

Bamboyo sanadzutse mutu. Anangoti, "Chilape."

"Nachize!"

Mawuwo anatuluka okha. Pakamwa pa munthu wokulira kumudzi sipadikira mwini wake. Ezron sanakumbukire n'komwe kuti zilape saponya dzuwa lili m'mwamba.

"Ng'ombe yanga yakuda ndimaimangilila pamtengo masana. Usiku imachoka, chingwe osadula," anaponya bamboyo.

"Aa, dada, nthawi ndilibe ine. Ndagonja."

"Wogonja amalipa."

Ezron anaseka. Ndani sadziwa malipiro a zilape? Ana amalipirana ndege, mudzi wathunthu, ng'ombe za eni ake, zonse zapakamwa chabe. Anamenya denga la kagalimotoko ndi chikhatho.

"Tengani galimoto iyi. Ndi zonse zam'katimo!"

"Yewo chomene," anathokoza bamboyo. "Ndalandila."

Mumsika Ezron anakumana ndi Danwell, mnzake wa pa ubwana. Anayamba ndi nkhani ya feteleza, analowa ya mpira, anatulukira ya mvula. Kapenta anagulidwa mochedwa. Akulandira makandulo, magetsi anangoti zii, tauni yonse nkulowa m'thumba. Ezron anakumbukira apongozi, nathamanga.

Mtengo anaupeza. Galimoto panalibe.

"Ndasokela," anadziuza. "Mitengo ya m'boma muno imafanana."

Anapita pamtengo wina. Panali njinga. Pamtengo winanso panali kagalimoto koyera, nathamangira, nakoka chitseko.

"Iwe! Ufuna chani?" Munali mwini wake, akudya chimanga.

"Pepani, abwana, pepani."

Nanga magalimoto oyera achulukiranji chonchi? Ngati nkhuku za mtundu umodzi! Anazungulira msika. Anauzunguliranso chobwerera. Kiyi anali m'manja mwake, akumunyoza. Thumba la kapenta linayamba kudontha, tinsomba tikugwera m'nsapato.

Foni inalira. Anali Justina, mkazi wake.

"Atate ake Chiza, muli kuti? Madzi osamba a amama apola."

"Tili m'njila."

"Ndipatseni amama ndilankhule nawo."

"Agona."

"Amama agone m'galimoto yanu ija yogwedeza matumbo? Muwasamale. Adokotala anati diso lisalowe fumbi."

Foni inazima yokha, moto utatha. Ezron anaima pakati pa msewu. Galimoto itha kutayika, munthu n'kulimanso fodya. Koma apongozi? Akanena chiyani kwa Justina, kwa alamu ake, kwa a Zimba onse? Kuti nkhalamba yosaona anaiimika penapake ngati njinga n'kuiwala?

Anakweza mawu. "Amama! Amamaa!"

Amayi onse amene ankalongedza malonda awo anatembenuka.

"Wawa?"

"Ndili pano, mwana wanga!"

"Amama ake ati? Tonse pano ndife amama," anatero mayi wina wowotcha chimanga, akukupiza makala. "Atchuleni dzina."

Mkamwini angafuule dzina la apongozi pamsika ngati akuitana mbuzi?

"Ndi... ndi amayi awo a akazi anga."

"Mayo! Bamboyu wataya apongozi!"

Chiseko chinayenda kuchokera pa tomato mpaka pa makala. Wina anati ena amachita kupempherera mwayi wotere. Wina anati akayang'ane m'thumba la kapenta. Ezron anakukuta mano.

"Munali bambo wachijasi pamtengo apo, akuswa mtedza," anatero. "Mwamuona?"

Chiseko chinaduka ngati ulusi. Mayi wa chimanga uja anasiya kukupiza.

"Anakufunsani kanthu?"

"Zachibwana chabe. Chilape."

"Munayankha?"

"Ndinagonja."

Mayiyo anaimirira. Anathira madzi pamakala, anasenza beseni lake, nachoka chimanga china chikadali pamoto. Anzake anamutsatira mmodzimmodzi, popanda wotsanzika.

Ezron anabwerera pamtengo woyamba uja. Anayatsa kandulo, nawerama. Mapazi a matayala ake anali pomwepo pafumbi. Analowa pansi pa mtengo. Sanatuluke.

Mphepo panalibe, koma kanduloyo inazima.

Thyo.

Anatembenuka. Pamizu panalibe munthu.

Thyo. Thyo.

Kenako anamva kutsokomola. Kutsokomola kumeneko ankakudziwa bwino, kouma, kokhala ndi mlandu m'kati mwake. Kunachokera pafupi, pamalo oti akanatha kugwira ndi dzanja. Anatambasula manja, nayenda uku ndi uku ngati wosewera chibisalirano. Anangogwira mdima.

"Amama?"

Zii.

"Dada wachijasi! Zija zinali nthabwala! Munthu wamkulu ngati inu simudziwa nthabwala? Bwezani galimoto yanga!"

Thyo.

Mantha analipo, koma mkwiyo unawaposa. Chabwino, ngati ndi chilape, achimasula. Ng'ombe yakuda. Pamtengo. Masana ilipo, usiku palibe.

"Khwangwala!" anafuula. Palibe chinachitika. "Njuchi! Makala! Ambulela!"

Mumdimamo munamveka kakuseka kochepa, kopyapyala ngati khoko la mtedza.

Nthawi yomweyo njinga yamoto inakhota pakona. Nyali yake inamenya mtengo, ndipo kuseri kwa thunthu kunadzuka chinthu chakuda, chachikulu, chinatambasuka pansi, chinathamanga mozungulira mtengowo ngati chomangidwa pachingwe, nkuzimirira.

"Mthunzi!" anakuwa Ezron. "Ndi mthunzi, mfiti iwe!"

Anaponda phazi limodzi kutsogolo. Bondo linagunda chitsulo, gwaa! Kagalimoto kanali pomwepo, mphuno yake itayang'ana kumsika monga anakasiyira.

Anatsegula chitseko.

"Manje-manje uja ndi ameneyu?" anatero a NyaZimba.

"Amama, pepani, muli bwino? Diso?"

"Diso lili bwino. Msana ndi umene wauma. Mwagula kapenta wa ku Mpulungu kapena munapita konko?"

Ezron anakhala pampando wake. Pansi pake panamveka khwaa. Anapapasa. Makoko a mtedza, mpando wonse. Ndipo mpandowo unali wofunda.

"Koma mnzanu uja ndi waulemu," anapitiriza apongoziwo. "Uja munam'tuma kuti adzandisungile. Wandichezetsa ndi zilape. Ankaganiza kuti andigwetsa. Ine? Zonse ndamasula. Chimodzi chokha, chomaliza, ndicho chandikanika."

Ezron anagwira chiwongolero mwamphamvu.

"Munalipa?"

"Nanga wogonja salipa?"

"Munalipa chiyani, amama?"

"Ndinayang'ana zimene ndili nazo zosagwila ntchito. Ndinati, tengani mkamwini wanga."

"Iye anati chiyani?"

"Anati yewo chomene."

"Amama, chilapecho chinali chotani? Ndiuzeni ndichimasule!"

"Ndaiwala."

"Yesani kukumbukila!"

"Inu mwaiwala galimoto yathunthu, ndiye nkhalamba yodwala ikumbukile timawu? Lizani galimoto, ndatopa."

Analowa msewu wa ku Chikomeni. Ezron ankadzitsina pantchafu. Zinkapweteka, ndipo ankadzilimbitsa mtima nazo.

Atafika, Justina anatuluka ndi tochi. Anatsegula chitseko chakumbuyo, nawatsitsa amayi ake mosamala, akuwafunsa za diso. Kenako anawalitsa kutsogolo. Kuwala kunadutsa pankhope ya Ezron osaima, ngati podutsa pazenera.

"Amama, nanga atate ake Chiza?"

"Ndili pano!" anatero Ezron. "Amake Chiza, usandiseweletse, ndatopa ine!"

Justina anasuzumira pansi pa chiwongolero. Anatola thumba la kapenta, napukusa mutu poona kubooka kwake.

"Kapenta theka, makandulo othyoka, mwini wake palibe. Bambo ameneyu!"

"Musiyeni," anatero a NyaZimba. "Waiwala pamene wadziimika."

Kagalimoto koyera kadakali pabwalo paja, udzu ukumera m'matayala. Ena amati Ezron anathawira ku Chipata chifukwa cha manyazi. Koma a NyaZimba, amene maso awo tsopano amaona ngakhale nsabwe ya nkhuku, amakhala pakhonde tsiku lonse, milomo ikugwedera, akufufuza chilape chija m'mutu mwawo. Ndipo oyandikana nawo amanong'onezana kuti dzuwa likangolowa, kuseri kwa nyumbayo kumamveka mawu a mwamuna wotopa, wokwiya, akuponya mayankho a funso limene sanalimve.

"Dzila! Utsi! Singano! Amama, si singano?"