Galimoto ya a Yakubu Inayenda Usiku

A Yakubu, ogulitsa mpunga aja a pa boma la Nkhotakota, mukawakumbutsa nkhaniyi sanjenjemera ayi. Amangokwiya basi.

Mwana wawo Fauzia anali atasankhidwa kukaphunzira zauphunzitsi ku Karonga, woyamba m'banja lonse kufika patali chotero. A Yakubu analumbira kuti mwanayo sadzapanikizidwa mu minibasi ngati thumba la makala. Amuperekeza okha mpaka pachipata cha sukulu. Ndiye Lachisanu, atangochokera kumzikiti, anavula mkanjo n'kugwada pa galimoto yawo yakale ija. Anasintha oyilo. Anathira madzi. Anapopa matayala onse ndi la sipeya lomwe, mabuleki n'kukamangitsa kwa makaniko. Mafuta okha anali atawagonera masiku awiri pamzere, dzuwa likuwawotcha pankhongo, mpaka thanki inadzaza. Madzulo anaitsuka, anaikiya, makiyi n'kuika pansi pa pilo.

"Tikangoswali m'mawa tikunyamuka," anauza akazi awo, mayi Habiba. "Wochedwa atsala."

Pakati pa usiku anadzidzimuka. Panja chitseko cha galimoto chinatsekedwa: phu! Kenako china. Chinanso. Anawerenga mpaka zisanu ndi ziwiri, chonsecho galimotoyo ili ndi zitseko zinayi.

Anapisa dzanja pansi pa pilo. Makiyi analipo.

"Bambo a Fauzia, musatuluke," ananong'ona mayi Habiba.

"Ndisatuluke? Galimotoyo ndi ya ndani?"

Anatenga tochi ndi mpini wa khasu. Panja panali zii, ngakhale galu mmodzi wouwa. Galimoto inali pomwe anaisiya, patsinde pa mango. Koma inali itatitimira, matayala akumbuyo ataphwanthalala ngati yasenza matumba khumi a mpunga. Magalasi anachita nthunzi mkati, monga zimakhalira anthu ambiri akamapumira m'menemo. Anaunika. Pamipando panalibe munthu.

"Tsikani!" anakuwa. "Opanda ulemu inu! Matayalawa munapopa nawo? Pamzere paja munalipo?"

Injini sinalire, koma fungo la utsi linawafika m'mphuno. Tochi inazima yokha. Zikope zinalemera, ndipo anangoti khu pakhonde, mpini uli m'manja.

Chinawadzutsa ndi adhana ya m'bandakucha, yoitanira anthu kumzikiti. Anathamangira kugalimoto. Boneti inali yotentha yosagwirika. Matope ofiira anali atamata mbali zonse, pomwe mvula inali itasiya miyezi inayi yapitayo. Masamba a nzimbe anali atapanika m'zitseko. Zitsekozo zinali chikiyire.

Pachiwongolero panali munthu. Anavala kabudula yekha, manja atagwira chiwongolero zolimba, maso ali tong'o.

A Yakubu anakatenga makiyi, anatsegula n'kumukokera panja. "Ndiwe ndani iwe? Walowa bwanji?"

"Ndine Frazer, bambo. Ndimadula nzimbe ku Dwangwa. Kuno n'kuti?"

"Ukufunsa ine? Pakhomo panga?"

"Ine ndinagona m'nyumba mwanga. Anandidzutsa azibambo ndi azimayi osawadziwa, akuti tiperekeze. Ndinawauza kuti kuyendetsa sindidziwa, ngakhale njinga yamoto. Iwo akuti ingogwira apa, njira tikuidziwa ife." Anatambasula zikhatho, zonse matuza okhaokha. "Taima malo atatu. Ponse panali pamanda."

A Yakubu analowa n'kupotokola kiyi. Kamuvi ka mafuta sikananyamuke n'komwe. Anamenya chiwongolero ndi chibakera.

"Mafuta anga! Ngakhale dontho osandisiyira!"

Anthu anali atayamba kudzaza pabwalo. Ena anatola miyala, akuti mfiti yagwa, ionetsedwe. A Yakubu anatuluka n'kuima kutsogolo kwa Frazer.

"Tayani miyalayo. Uyunso amubera tulo ngati mmene andibera ine. Mukufuna kumenya wotumidwa? Omutumawo mukuwaona?"

Mayi Habiba anamufunditsa chitenje mlendoyo, namupatsa tiyi.

Mafuta m'tauni munalibe. Fauzia anayenera kufika kusukulu tsiku lomwelo, choncho anakwera minibasi, sutikesi ili pamiyendo, mbali ina ndowa ya nsomba ikumudonthezera pa diresi latsopano. Bambo ake anaima m'mbali mwa msewu mpaka minibasiyo inazimiririka. Chipata cha sukulu chija sanachione.

M'deramo anthu amanong'onezana kuti oyenda usiku aja sakhudza galimoto ya munthu waulesi. Amadikira yokonzedwa bwino, yodzaza mafuta, imene mwini wake walengeza tsiku la ulendo. Kuyambira pamenepo, wa ulendo amapopa matayala kuseri kwa nyumba, ndipo ukamufunsa amati sakupita kulikonse.

Ena anawalangiza a Yakubu kuti aigulitse. Anakana. Koma usiku uliwonse amachotsa batire n'kukagona nayo kuchipinda.

"Akufuna ulendo," amatero, "agogode ngati anthu."