Mlonda wa Mafuta a Impso

Galikali ankapala nsomba kuseri kwa nyumba pamene agalu a mudzi wonse anangoti zii. Ndi mmene anachitiranso madzulo amene anamwalira mayi wa m'nyumba yobiriwira, yemwe dzina lake silitchulidwanso.

M'mudzimo anthu anayi ankatsukidwa magazi pa makina a kuchipatala, poti impso zawo zinafa. Awiri anamwalira m'mwezi umodzi, onse akutsokomola, mpweya ukulira ngati chitseko chadzimbiri. Mphekesera zinati ndi galka, mfiti yopeza munthu ali yekha, kumung'amba m'nthiti, kuchotsa mafuta a impso n'kutseka bala osasiya chipsera. Palibe anafunsa kuti mfitiyo inkazifuniranji impso zotha kale. Katundu wotero ngakhale waulere satoleka.

Wachitatu pa makinapo anali Bulany, mwamuna wa Galikali.

Namwino anali atanena kale: "Chimfine chabwerachi enafe tidzuka nacho, koma wa impso chimamunyamula. Wotsokomola asamuyandikire."

Koma galka akakhala m'mudzi, wodwala sasiyidwa yekha. Abale anadzaza chipinda n'kutseka mawindo. Munkanunkha thukuta ndi fodya. Ngarritj, mng'ono wake wa Bulany, anayala pafupi ndi bedi, mkondo pambali.

"Alamu, mukutsokomolatu," anatero Galikali.

"Ndi fumbi la kumaliro ili. Ndiye achimwene ndiwasiyire galka?"

"Iwe, mkondo wakowo sunalasepo ndi nkhanu yomwe," anaseka Bulany.

Nthabwala zake zinathera pomwepo. Thupi linatentha, miyendo inatupa, chifuwa chinayamba kulira ngati chitseko chija. Ndege yachipatala inatera atazizira kale.

Anamufufuza m'nthiti, sanapeze chipsera. Akulu anagwedeza mitu: ntchito ya galka imadziwika choncho.

"Sindinasunthepo!" analira Ngarritj. "Mpweya wanga unali pankhope pawo. Walowera pati?"

Galikali sanalire. Ankangoyang'ana utsi wa mwambo wofukizira nyumba ya maliro ukukwawa pakhoma.

Pa makina panatsala mmodzi, a Wamut, bambo ake a Galikali. Abale anagwirizana kuti mlonda wosachoka pambali pa wodwala ndi Ngarritj basi.

"Asapite," anatero Galikali.

"Ndiye bambo ako agone okha?" anafunsa azakhali ake.

Galikali anatuluka panja. Anakhala pakhonde, manja pamaondo, akumva chifuwa cha Ngarritj chija chikutsika msewu, nyumba ndi nyumba, mpaka chitseko cha bambo ake chinatseguka n'kutsekeka.

Agalu anati zii.