Benchi Yonyowa ya pa Polisi ya ku Dapdapon

Chimene Sajeni Teryo anayamba kuona chinali benchi yonyowa. Benchiyo inali pakhonde la polisi, pamene anthu ankakhala akabwera ndi madandaulo, ndipo m'mawa umenewo inali yonyowa mbali imodzi yokha, ngati panakhala munthu wovala zonyowa kwa nthawi yaitali. Mvula sinagwe usikuwo. Pansi panali mapazi amatope, ang'onoang'ono, opanda nsapato, ochokera kunjira ya kumtsinje.

Teryo anakolopa, osauza munthu. Akanauzanso ndani? Chidulire boma ndalama za apolisi, anzake onse anasamutsidwira kutauni, galimoto nayo inapita nawo. Anamusiyira njinga yamoto imene mafuta ake ankatha mwezi usanafike pakati, foni imodzi, ndi midzi yomwazikana m'minda ya kokonati kutsidya ndi kuno kwa mtsinje. Mkazi wake anali kunja kwa dziko, kulera ana a eni. Madzulo ankadya mpunga ndi nsomba youma ataimirira, n'kukagona m'kachipinda ka kuseri, akumvetsera nalimata akulira kudenga.

M'mawa wotsatira benchi inali yonyowanso. Tsiku linalo, chimodzimodzi.

Nkhani sibisika pamudzi. Atapita kukagula khofi kugolosale ya Nang Soling, mayi wa pakamwa posatseka, anapeza mphekesera zitamutsogolera.

"Sajeni, akuti mwapeza mlendo wa usiku," anatero Soling akumwetulira. "Mkazi wanu akudziwa?"

"Ndipatseni khofi, Nang Soling. Zinazo mundisungire."

Soling anasendera pafupi, kumwetulira kuja kutazilala. "Mwamuna wanga anachiona pochokera kokoka ukonde. Chinthu choyera, chokhala phee, chosagwedezeka. Ena akuti ndi aswang, chilombo cha usiku chija chimanunkhiza odwala. Koma ambiri akuti ndi mzimu wa Noy Ambo. Akuti akudikirabe apolisi."

Teryo anatenga khofi wake n'kutuluka. Ambo anali mlimi wa kutsidya. Nyengo ya mvula yapitayo, akuba kokonati wouma anamutema ndi chikwanje pakhomo pake. Mkazi wa Ambo anaimba foni kupolisi akulira, Teryo anaimba kutauni, kumeneko anati galimoto ilibe mafuta. Iye anathamanga wapansi, kuwoloka mtsinje madzi ali m'chifuwa, ndipo anafika kukucha, Ambo atazizira kale. Akubawo sanagwidwe.

Usiku wa tsiku limene anamva za Soling zija, Teryo sanagone. Anazimitsa nyale ya m'kati, kusiya ya pakhonde yokha, n'kukhala kuseri kwa chitseko mfuti ili pamwendo. Kunja achule ankalira m'munda wa mpunga, kulira kosaduka, mpaka makutu anazolowera. Kenako, ngati wina wawalamula, onse anangoti zii. Mumdima wa bii anamva phazi lonyowa likuponda simenti, pang'onopang'ono, phazi lina likukwekwereka m'mbuyo mwake. Benchi inalira kweee. Kunatsatira kupuma, kupuma kwa chinthu chotopa, chala chimodzi chokha kuchokera pathabwa limene iye anatsamira.

Anali sajeni wa zaka zambiri pa ntchito, koma sanadzuke pomwe anakhala. Sanatsegule. Anakhala choncho mpaka tambala analira, ndipo atasuzumira, panali benchi yonyowa basi.

Manyazi anamugwira tsiku lonse. Usiku wotsatira, benchi itangolira, anakankha chitseko ndi phewa n'kuwalitsa tochi.

"Ndani?"

Chinthu choyeracho chinaphimba nkhope ndi dzanja. Anali mayi wokalamba, wochepa thupi, atafunda chinsalu choyera, siketi ikudontha madzi a mumtsinje.

"Zimitsani, Sajeni," ananong'ona. "Mudzutsa anthu."

"Manang Pilang! Ndinu?"

Anali mkazi wa malemu Ambo.

Teryo anamufunditsa bulangete n'kumupatsa khofi wotentha. Mayiyo anagwira kapu ndi manja awiri, maso ali pansi.

"Sindinafune kukuvutitsani. Ndimangokhala pano powala, kukayamba kucha ndimabwerera. Anthu akadziwa aziti Pilang wazungulira mutu."

"Mukuwoloka mtsinje usiku, ndi mwendo umenewu? Chifukwa chiyani?"

Pilang anayang'ana kumdima kaye, ngati mdimawo uli ndi makutu. "Kunyumba kwanga kumabwera chinthu. Chimalowa kunsi kwa nyumba, pakati pa mizati, n'kumakanda nsungwi za pansi, pomwe ndagona penipenipo. Ndikasuntha mphasa, nacho chimasuntha."

"Bwanji osandiimbira?"

Mayiyo anamuyang'ana m'maso koyamba. Munalibe mkwiyo m'maso mwakemo, ndipo n'zimene zinamupweteka Teryo kwambiri. "Ndinaimbapo kale, Sajeni."

Kutacha, Teryo anaimba kutauni kupempha wapolisi mmodzi woti asunge ofesi usiku umodzi. Mnyamata wa pafoni anaseka. "Wa kuti, bwana? Ifenso kuno tikulondera wapansi. Mwina ndi nkhumba imeneyo, muwauze agogowo amange mpanda."

Choncho dzuwa litapendeka anakhoma ofesi, kuika foni m'thumba, n'kuwoloka mtsinje yekha. Nyumba ya Pilang inali yomangidwa m'mwamba pa mizati italiitali, pakati pa munda wa kokonati, kutali ndi nyumba ina iliyonse, pakuti anansi anasamuka Ambo atangoikidwa. Teryo anayang'ana kunsi kusanade. Munali nkhuni, mtondo wakale ndi khasu. Dothi linali louma, losalala, lopanda phazi la munthu kapena la nyama.

Anakhala awiriwo pamphasa osayatsa nyale. Mphepo inkagwedeza masamba a kokonati, ndipo nthawi zina kokonati wouma ankagwa patali, phi. Pilang ankapemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Teryo anayamba kuganiza kuti mwina mnyamata wa kutauni ananena zoona.

Mphepo inaleka.

Kunsi kwawo, chinthu chinakhudza nsungwi. Sikunali kufwenkha kwa nkhumba kapena kwa khoswe. Kunali kukanda kodekha, kwa chinthu chosafulumira, chitsulo kapena chikhadabo chikudutsa nsungwi imodzi, n'kupita pa ina, n'kupita pa ina, kweee, kweee, mpaka chinafika pansi pa Teryo n'kuima. Anamva kunjenjemera kwa nsungwiyo m'ntchafu mwake.

"Chadziwa kuti ndili ndi mlendo," Pilang ananong'ona.

Teryo anatsika makwerero mfuti kutsogolo. "Polisi! Tuluka!" Mawu ake anamveka aang'ono m'munda waukuluwo. Tochi inawala mofooka pa nkhuni, pa mtondo, pa khasu. Panalibe kanthu. Anazungulira nyumba yonse, n'kuunika m'mitengo, m'tchire, ngakhale m'chitsime. Atabwerera pamakwerero, fungo la fodya wopichira linamudutsa pamphuno, laposachedwa, ngati wosutayo waima pambali pake.

Apo m'pamene foni inalira m'thumba, mokweza ngati kukuwa.

Anali mayi wina, wa kumudzi wa kumtunda, mawu akuduka ndi mantha. "Sajeni, bwerani! Mlamu wanga waledzera, watenga chikwanje, akuswa chitseko! Ndili ndi ana m'katimu!" Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka thabwa likung'ambika ndi mwana akulira.

"Tsekerani ndi tebulo. Ndikubwera."

Anaimba kutauni. Foni inalira, inalira, mpaka inaduka yokha.

Anakweza maso. Pilang anali ataima pakhomo, chinsalu chake chikuoneka mbuu mumdima. Anali atamva zonse.

"Pitani," anatero. "Kuli ana kumeneko."

"Sindikusiyani pano."

"Ndichedwetsa inu. Mwendowu mukuudziwa."

Teryo anaima. Kumtunda kunali kutali, ndipo ankadziwa bwino tanthauzo la kufika mochedwa. Koma fungo lija linali lisanachoke. Anakwera makwerero, n'kugwada chofulatira.

"Kwerani kumsana, Manang."

"Sajeni, ndine mayi wamkulu ine!"

"Kwerani, chonde. Nthawi ikutha."

Anali wopepuka ngati mtolo wa masamba. Teryo analowa naye m'kanjira ka kumtunda, akuyenda chothamanga, tochi ikuzima n'kuyaka, masamba ouma akulira tswa, tswa, tswa pansi pa nsapato zake. Foni inayambanso kulira m'thumba, koma analibe dzanja loitulutsira.

Atafika pakati pa munda, mpweya unamuthera. Anaima kuti apume kamodzi kokha.

Kumbuyo kwawo, masamba analira tswa, tswa, n'kusiya.

Anayenda pang'ono, n'kuimanso dala. Tswa. Ulendo uno pafupi kwambiri.

Manja a Pilang anamufinya pakhosi, milomo yake yozizira inafika pakhutu pake.

"Musacheuke, Sajeni," ananong'ona. "Ana akudikira. Yendani basi."

Ndipo Teryo anayenda, osacheuka, kukwera mtunda wa mdimawo ndi nkhalamba kumsana, foni ikulirabe, ndi mapazi a winayo akumutsatira mosafulumira.