Lipoti la Ngozi ya pa Mlatho wa Naivola

Ilisapeci anatuluka kupolisi nthawi itapitirira naini koloko usiku. Anali atakhala pabenchi kuyambira m'mawa, kudikira lipoti la ngozi ya mwamuna wake, Sakiusa. Wapolisi amene anayeza pamalo a ngoziyo anali kumaliro, wosunga chidindo naye anathamangira kuminda ya nzimbe komwe kunabuka moto. Pomwe awiriwo amapezeka, kunja kunali kutada kale.

"Pepani mayi," anatero wapolisiyo akumata envelopu. "Basi yomaliza yapita. Gonani pabenchi pompano. Udzudzu wathu ndi waulemu, umayamba wapereka moni."

"Ana ali okha kunyumba, bwana."

"Ndiye mudutsa pamlatho paja nokha? Nthawi ino?"

"Mlathowo unadya kale miyendo ya mwamuna wanga. Kwa ine ufunanso chiyani?"

Panali patatha masabata awiri chichitikire ngoziyo. Minibasi ya Sakiusa inawomba zitsulo za mlatho wa Naivola usiku, anthu anayi anavulala, iye anathyoka miyendo yonse iwiri. M'mudzi ankati anasinza chifukwa cha kava, chakumwa cha mizu chobweretsa tulo. Loya wa Sakiusa anati lipotilo lifike m'manja mwake mawa m'mawa, apo ayi mlandu uvuta. Sakiusa mwiniwake sankakamba kanthu. Akamufunsa kuchipatala, ankangotembenukira kukhoma.

Ilisapeci anabisa envelopu mu bulauzi n'kuyamba ulendo. Magetsi a m'tauni anathera pomwe tala anathera. Kuchokera apo kunali nzimbe zokhazokha, uku ndi uku, zazitali kuposa munthu. Achule ankalira m'ngalande. Anayimbako nyimbo ya kutchalitchi, koma mawu ake omwe anamuopsa, n'kusiya.

Atayenda ola lathunthu anafika pa nyumba yakale ya odula nzimbe, yopanda zitseko, yomwe munthu sanagonemo kwa zaka. Atangoidutsa, achule onse anakhala chete.

Phaa... khwee... Phaa... khwee...

Anaima. Phokoso lija linaimanso. Anayenda. Linayambanso.

"Mwaswera, mayi."

Anacheuka. Munthuyo anali pambali pake penipeni, ngati ayendera limodzi kuchokera m'tauni. Bambo wamtali, wovala chipewa cha mlaza, chikwanje chodulira nzimbe m'manja. Mwendo wamanzere ankachita kuukoka. Ankanunkha matope a kumtsinje.

"Ndaswera," anayankha. "Kaya inu, bambo?"

"Akupatsani pepala?"

Ilisapeci sanauze munthu aliyense m'njira kuti wachokera kupolisi.

"Inu mwadikira tsiku limodzi lokha," anatero bamboyo. "Muli ndi mwayi. Langa sanamalize kulemba."

Anawonjezera liwiro. Bamboyo, ndi mwendo wokokawo, sanatsale ngakhale phazi limodzi. Kutsogolo madzi anayamba kumveka. Zitsulo za mlatho zinaoneka mbuu ndi kamwezi, zopindika pomwe minibasi inawomba. Magalasi osweka anali akadali pansi. Anaphwanyika pansi pa nsapato zake. Pansi pa mapazi a bamboyo, osavala kanthu, sipanamveke chilichonse.

Pakati pa mlatho, bamboyo anali kutsogolo kwake. Sanamuone akudutsa.

"Ndiwerengereni."

"Bambo, chonde, ana anga..."

"Ndiwerengereni. Ndimve ngati andilemba."

Manja anatulutsa okha envelopu. Anayatsa tochi ya pafoni, osayerekeza kuikweza kumaso kwa munthuyo. Zilembo zinkavina.

"Woyendetsa... woyendetsa akuti anaona munthu ataima pakati pa mlatho. Anakhota kuti amuzembe. Okwera onse akuti... akuti pamlatho panalibe munthu."



Kenako kuseka. Kuseka konyowa, ngati kochokera pansi pa madzi.

"Anakhota. Ulendo uno anakhota."

Tochi inagwedezeka n'kuwalira m'mwamba. Pansi pa chipewa... mbali imodzi ya mutu inali yophwanyika, yolowa m'kati ngati chitini chopondedwa!

"Ndinkasuzumira galimoto iliyonse, mayi. Usiku uliwonse. Ndinamupeza."

"Mayooo!"

Anathamanga. Nsapato imodzi inatsala. Sanacheuke. Nzimbe, mdima, nzimbe. Chifuwa chinkaotcha. Kumbuyo kunalibe phokoso, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamuopsa kwambiri. Anagwa. Anadzuka. Patali anaona kanyali pa golosale ya Sumintra, mayi wamasiye amene ankagulitsa buledi ndi palafini kumayambiriro kwa mudzi.

Anamenya chitseko ndi manja onse awiri.

"Ndani akufuna kundigwetsera nyumba? Fodya watha, kagoneni!"

"Ndine, Sumintra! Tsegulani!"

Sumintra anamukokera m'kati, n'kumukhazika pa thumba la mpunga, n'kumupatsa madzi. Ilisapeci anafotokoza modukizadukiza: chipewa, chikwanje, mwendo, mutu. Asanamalize, Sumintra anakhoma chitseko n'kutsamiritsapo benchi.

"Mwendo wamanzere?"

"Eee."

"Inu munabwera kuno chaka chatha chomwechi, simungadziwe. Ameneyo ndi Apenisa. Ankadula nzimbe m'munda mwa malemu amuna anga. Tinamuika m'manda zaka khumi ndi chimodzi zapitazo."

Kapu inagwa m'manja mwa Ilisapeci.

"Lole ya nzimbe inamugunda pamlatho pomwepo usiku, sabata ya chimphepo chija chinasasula tchalitchi. Woyendetsa sanaime. Apenisa anakwawa mpaka m'mphepete, anafa m'bandakucha akuitana. Apolisi anayeza, analemba, koma pa dzina la woyendetsa anasiya popanda kanthu mpaka lero." Sumintra anamuyang'ana. "Bwanji? Mwatumbuluka maso."

Ilisapeci ankaikumbukira bwino sabata imeneyo. Anali ndi pakati pa mwana wake woyamba, akukhala m'kanyumba ka lendi pafupi ndi fakitale ya shuga. Sakiusa ankayendetsa lole. Tsiku lina anafika tambala asanalire, mvula ikukhuthuka, n'kutenga ndowa ndi sopo kukatsuka kutsogolo kwa loleyo, mvula ili pamsana. Sabata yomweyo anasiya ntchito. Kwa zaka zonsezi ankakana kuyendetsa dzuwa likalowa, amvekere maso akumuvuta, mpaka usiku umodzi wokhawo, wa ngozi ya minibasi uja, pomwe dalaivala mnzake anadwala.

"Koma lipoti mwalipeza?" anafunsa Sumintra.

"Ndalipeza."

"Likuti walakwa?"

Ilisapeci anayang'ana pepala lokwinyika m'dzanja lake, chidindo chofiirira chitafufutika ndi thukuta.

"Likuti sanalakwe," anatero.

Kutacha anakwera basi yoyamba. Pamlatho anatseka maso. M'tauni sanatsike pa ofesi ya loya. Anatsikira kuchipatala, n'kukokera mpando kumbali ya khoma, komwe Sakiusa analozetsa nkhope.

"Bambo a ana," anatero motsitsa mawu, "Apenisa akuti ulendo uno munakhota."

Sakiusa sanafunse kuti Apenisa ndani.